Kabichi wa Munthu Mmodzi

Chaka chino, pakati pa mwezi wa Okutobala, Nie Baoshan atafika ndi lole yake pabwalo la nyumba zathu zosanja, mkazi wanga anagula mitu ya kabichi makumi atatu. Ndikuti makumi atatu basi. Ife chikwatiranireni, zaka makumi anayi ndi zitatu tsopano, sitinagulepo yochepera makumi asanu ndi limodzi, ngakhale chaka chomwe mwana wathu Haiyan anakwatiwa n'kutisiya awiriwiri. Kuno ku Jilin chisanu chikalowa chimatha miyezi isanu osasuntha, ndipo munthu wanzeru zake chimamupeza ali ndi kabichi pakhonde, anyezi pazenera, mbatatesi kunsi kwa bedi. Achinyamata amati masiku ano m'masitolo muli zonse chaka chonse. Zilimodi, koma kabichi wa m'sitoloyo ndi madzi okhaokha, ndinamulawapo kwa Haiyan.

Tsikulo ndinatsika mochedwa chifukwa ndinkafunafuna magolovesi anga. Pofika pansi ndinapeza anthu atazinga kale lole, amayi akufinya mitu ndi zala kuti amve kulimba, Nie ali pamwamba akuponyera anthu kabichi uku akukangana ndi aliyense. Nie ndi mlimi wa kutsidya kwa mtsinje. Tinayamba kugula kwa bambo ake kale ngolo ikukokedwa ndi kavalo, ndipo iyeyo tsitsi lachita kuyera tikumuona. Atandiona anatsika, n'kundikokera kuseri kwa lole ngati akufuna kupempha moto wa ndudu. Anandifunsa motsitsa mawu ngati tapeza mlimi wina. Anati ngati kabichi wa chaka chatha anali ndi vuto tingomuuza, iye si mwana, sangakwiye. Ndinamufunsa kuti akubwebweta chiyani. Anandilozera kamulu kamene mkazi wanga, Luan Guifen, anali ataima pambali pake akusenda masamba akunja.

Ndinawerenga ndi maso, ndipo mutu wanga unaima. Sindinaphunzire kwambiri ine, moyo wanga wonse ndauthera kunsi kwa mabasi ndi sipanala m'manja, koma samu imeneyo sinafune sukulu. Anali kabichi wa munthu mmodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Mu Seputembala dokotala anapeza chotupa m'matumbo mwa Guifen. Anatiuza mosabisa kuti akachichotsa chaka chisanathe mwayi ulipo waukulu ndithu, koma tikazengereza iye sadzakhalanso ndi chonena. Guifen anamvetsera mwaulemu, anathokoza, ndipo tili m'basi pobwerera anandiuza kuti mpeni sumukhudza. Mkulu wake analowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda yekha zaka khumi zapitazo, sanatulukemo wamoyo, ndipo Guifen ndiye anakatenga nsapato zake. Haiyan ankaimba foni kuchokera kumzinda wa Dalian, kumene amakhala, tsiku lililonse, kulira, kunyengerera, kuopseza kuti abwera adzawanyamule mayi ake kumsana. Ine ndinakalipa, ndinamenya tebulo, tsiku lina ndinafika mpaka pogwada, maondo anga oumawa. Mkazi ameneyu akanena kuti ayi, mungabwere ndi thalakitala simungamusunthe.

Choncho nditaona kamulu kaja mtima unandipsa. Ndinakuwira Nie kuti awonjezere mitu ina makumi atatu, pompo. Anthu anatembenuka. Guifen sanakweze n'komwe mutu.

"Adzadya ndani?" anatero.

"Tidzadya ife, monga timadyera chaka chilichonse."

"Bambo a Haiyan, musandichititse manyazi pagulu. Kabichi si wowoletsa. Nyamulani uyu."

Nie anayang'ana ine, anayang'ana Guifen, kenako anakwera pa lole yake n'kuyamba kukangana ndi munthu wina. Amatidziwa mnzathuyo, amadziwa amene amalamula kwathu. Pochoka anandipanikizira mtolo wa anyezi m'khwapa n'kukana kuti ndilipire.

Masiku anayi otsatirawo kabichi anali padzuwa. Bwalo lonse linayera mbee, banja lililonse ndi mzere wake, matsinde kuloza kudzuwa. Palibe amalemba dzina, palibenso amatenga wa mnzake. Koma kuwerenga kokha anthu amawerenga, makamaka mayi Gong a pansanjika yachiwiri, amene amadziwa za m'nyumba iliyonse pongoyang'ana mizere: kwa akutiakuti kwabwera mpongozi, kwa akutiakuti mwana wasamuka. Atafika pamzere wathu anaima nthawi yaitali, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mayi Gong kusowa chonena, chibadwire sindinazionepo. Ine ndinkatsika m'mawa kukatembenuza mituyo ndi kuifundika madzulo, ndipo kamzere kathu kafupiko ndinkadana nako ngati munthu.

Madzulo a tsiku lachinayi Guifen anandiuza kuti chaka chino kabichi wowawasa, uja timamusunga mumtsuko ndi mchere, ndifutsa ndine.

Muyenera kumvetsa. Mtsuko wathu waukulu uja, wofika m'chiuno, umakhala pamakwerero panja pa chitseko chathu, pamene pamazizira bwino koma madzi osaundana. Kwa zaka makumi anayi ndi zitatu ine sindinaloledwepo kuukhudza. Guifen ankati manja a makanika ngakhale uwawiritse amatulukabe girisi, ndipo kadontho kamodzi ka mafuta kakalowa mumtsuko, zonse zathera pomwepo. Ntchito yanga inali imodzi: kunyamula mwala wopsinjira, umene ndinautola ndekha kumtsinje tili achinyamata, kuuika pamwamba, n'kuchoka. Tsono lero mkazi yemweyo akuti bwerani muphunzire. Ndinadziwa chomwe akutanthauza, ndipo ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati sindiphunzira zinthu za akazi pa ukalamba uno, ndinati afutse yekha kapena asiye, ndinanena zinanso zopusa zimene sindibwereza pano. Masiku awiri tinadya osayankhulana, timitengo todyera tokha tikulira m'mbale.

Tsiku lachitatu ndinamupeza pamakwerero atawerama mumtsuko akutsuka, dzanja lina litagwira m'mimba, milomo itatuwa. Anali asanandione. Anapuma, anatsamira khoma, n'kuyambanso. Ndinachita manyazi oopsa. Ndinamulanda burashi, ndinamubweretsera kampando, ndinamuuza kuti akhale pansi azindilamula, poti ndi ntchito imene amaidziwa kuposa zonse.

Ndiye analamuladi. Anandisambitsa m'manja katatu ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kununkhiza zala zanga chimodzichimodzi. Anandionetsa kudula tsinde, kuchotsa masamba ofota, kuviika mutu uliwonse m'madzi otentha kamphindi chabe, tsinde poyamba, kenako kuusiya uzizire. Mumtsuko mitu imagona mozungulira, yothinana, pasakhale mpata woti khoswe n'kupumiramo. Mzere umodzi, mchere dzanja limodzi, kutsindira ndi mphamvu zonse, mzere wina. Mchere wanga nthawi zonse unkakhala wolakwika. Ndikathira wambiri ankandifunsa ngati ndikufutsa nsomba, ndikachepetsa ankafunsa ngati mcherewo ndi wa mayi anga. Anandinena kuti manja anga ali ngati mafosholo, ine ndinamukumbutsa kuti mafosholo omwewo amudyetsa zaka zonsezi. Anaseka, koyamba chichokereni kwa dokotala kuja. Kunena zoona tsikulo linandikomera, ndipo ndinadzida chifukwa chondikomera.

Mitu khumi ndi isanu inalowa mumtsuko, mwala pamwamba. Ina khumi ndi isanu tinaisanja pakhonde, ndipo anandiphunzitsa kuti sabata iliyonse ndizigwetsa muluwo n'kusanjanso, yapansi ibwere pamwamba, tsamba lodetsedwa ndizilichotsa lisanapatsire anzake. Anyezi anati akaundana ndisawamvere chisoni n'kuwalowetsa m'nyumba, ndingowasiya pomwepo osawagwedeza, ndizisolola mmodzimmodzi. Atatha za ndiwo anapitirira. Anandionetsa pamene pali mathalauzi anga a thonje, pamene pali makadi a magetsi, mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ndi nthawi yake yomwera. Ndinkangoti eya, eya.

Chinatsala n'kuthira madzi mumtsuko mawa lake, kabichi akatsika, kuti yense amire. Masana amenewo Guifen anagona. Ululu unali utamusautsa kuyambira m'mawa, ndipo pamene tulo tinamuba sindinafune kumudzutsa chifukwa cha madzi. Ndinati kodi kuthira madzi n'chiyani, munthu amene wamasulapo injini ya basi n'kuibwezera? Ndinasamba m'manja katatu monga anandiphunzitsira. Ndinayang'ana chotungira, ndinaona beseni lathu lalikulu la maluwa ofiira litapachikidwa kukhitchini, loyera bwino. Ndinalitsukuluza pampopi, ndinatunga kanayi, madzi anakwera mpaka kuphimba kabichi yense. Atadzuka ndinamuuza monyada kuti ntchito yatha. Anapita kukasuzumira, anagwedeza mutu, n'kunena kuti mwina sindine chitsiru kwenikweni. Mawu amenewo ndinayenda nawo sabata yathunthu.

Patatha masiku khumi mayi Gong anagogoda. Anafunsa mwaulemu kwambiri, maso ali kumbali, ngati mwina pamakwerero pafera khoswe. Ine fungolo ndinali nditalimva kale dzana lake, koma ndinkadziuza kuti ndi mmene zimayambira. Guifen anatuluka, anandiuza kuti ndichotse mwala. Fungo linangoti guu, mpaka mayi Gong anatsika makwerero chafutambuyo. Pamwamba panali thovu lotuwa lotelera. Guifen anapinda malaya, analowetsa dzanja, ndipo mutu umene anagwira unangophwasukira m'zala zake ngati phala.

Sanakalipe msanga. Anandifunsa za manja, ndinati ndinasamba. Anafunsa za mwala, ndinati ndinautsuka. Anafunsa chimene ndinatungira madzi, ndipo ndinalowa m'nyumba n'kubwera nalo beseni lija, ndidakali wolimba mtima. Analiyang'ana, anayendetsa chala m'mphepete mwake, n'kundionetsa chalacho chikunyezimira. Ndi beseni limene amasakaniziramo nyama yankhumba yogaya, mwana aliyense wa m'nyumba zino akanadziwa. Ine ndadya za m'beseni limenelo zaka zonsezi osafunsapo kuti zimachokera muti.

"Mwachita dala," anatero.

Ndinati ayi.

"Mwachita dala, mdala wouma mutu inu, kuti ndione ngati simungathe kukhala nokha. Mukuyesa ndine mwana? Kabichi wa Nie, wolima ndi manja ake, mwamuwoletsa kuti mupambane mkangano."

Apo ndiye zinandikanika. Akanandinena kuti ndine mbuli ndikanavomera, poti ndi zoona. Koma zoti ndachita dala zinandilasa, chifukwa ndinali nditayesetsa ndi mtima wanga wonse. Ndinangokhala pansi pamakwerero pomwepo, beseni lili pamiyendo.

"Make Haiyan, sindinachite dala. Ndikanakonda ndikanachita dala. Munati ndiphunzire, ndinaphunzira. Ndinasamba katatu. Tsiku lililonse ndimabwera kudzasuzumira muno, ndimafuna muone kuti mukhoza kupita mtima uli m'malo, poti n'zimene mukufuna. Ndayesa kukhala munthu wopanda inu, ndayesetsa ndithu. Ndi izi zatulukazi."

Ndinalira, abale, sindibisa. Mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri, pamakwerero a anthu onse, m'fungo la kabichi wowola, mamina ali chuchuchu. Chikwatiranireni Guifen anandionapo ndikulira kamodzi kokha, pa maliro a mayi anga. Anaima pamenepo dzanja likudontha. Kenako anandiuza kuti ndidzuke, anthu akufuna kudutsa, ngakhale panalibe amene ankadutsa.

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkatsitsa zowolazo m'ndowa kukataya, maulendo asanu ndi awiri, iye akuwiritsa madzi. Mtsuko tinautsuka ndi madzi owira katatu, mwala tinauwiritsa mumphika. Sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kunyozedwa. Pa chakudya chamadzulo anandiikira nyama m'mbale mwanga, n'kukhala akundiyang'ana ndikudya ngati akuona mlendo.

M'mawa mwake ndinamumva akuimbira foni Nie, kufunsa ngati m'nkhuti mwake mwatsala kabichi wabwino. Ndinatchera khutu kuseri kwa chitseko. Anati abweretse mitu khumi ndi isanu, yongobwezera yowola ija. Ndinagwa mphwayi. Ndinabwerera kukakhala pabedi, ndinati basi, mkazi uyu wanditha.

Nie anabwera Lachinayi, chipale chofewa choyamba chikuwaza. Anakwera nayo yekha mituyo mpaka pansanjika yathu yachitatu, zimene sachitira munthu aliyense, ndipo atamva za beseni anaseka mpaka kutsokomola. Anati kumudzi kwawo mwamuna wotere amamugoneka ndi nkhumba. Guifen anamuyankha kuti nkhumba zake zalakwanji. Anamwa tiyi, anatiuza kuti chisanu cha chaka chino chikhala chaukali poona mmene atsekwe anathawira msanga, n'kumapita.

Ulendo uno sanandiphunzitse kanthu. Anafutsa yekha, pang'onopang'ono, akupuma pakatha mzere uliwonse, ndipo nditayandikira kuti ndithandize kutsindira anandimenya padzanja ndi tsamba. Ntchito yanga inabwerera yakale ija, kuika mwala n'kuchoka. Madzi anathira yekha mawa lake, ndi ndowa yake imene amaibisa kuseri kwa kabati.

Atatha anapukuta m'manja n'kukaima pa kalendala ya pakhoma. Anaika chala pa tsikulo, n'kuyamba kuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera, mpaka anatembenuza tsamba kulowa mu Disembala. Kabichi wowawasa amafuna masiku makumi atatu ndi asanu kuti apse bwino, zimenezo ngakhale ine ndimadziwa. Ali chiyang'anire kukhoma anandifunsa kuti dokotala uja anati munthu amagona masiku angati m'chipatala akamuchita opaleshoni. Ndinati milungu iwiri, mwina kuposerapo pang'ono. Anawerenganso. Ine ndinaika pansi kapu ya tiyi imene ndinali nditagwira.

"Muimbireni Haiyan," anatero. "Mumuuze akapangane naye tsiku dokotalayo, sabata yamawa ngati kuli malo. Ndipo mumuuze asalire pafoni, zimandinyansa."

Ndinafuna kunena kanthu, koma anandidula kuti ndisayambe zanga, sakuchitira ine, akungoona kuti akandisiya ndipha anthu a m'nyumba zino ndi fungo. Kenako, motsitsa mawu, anati akuopa. Anati usiku uliwonse amaona nsapato za mkulu wake. Ndinamuuza kuti inenso ndikuopa, ndipo kuti nsapato zake ndidzazigwira ine m'manja pakhomo pa chipindacho mpaka adzazivale. Anati ndisadzazigwire ndi manja a girisi.

Haiyan anafika Lamlungu pa sitima, ndipo Lachiwiri m'mawa tinanyamuka. Kunja kunali kutayera, galimoto ikudikira pansi. Haiyan anatsogola ndi bulangeti, ine ndinanyamula chikwama. Guifen anatseka chitseko yekha, anayesa kawiri ngati chatsekeka, kenako anaima pa mtsuko. Anasuzumira, ananunkhiza, anakankha mwala pang'ono ndi chala kuti aone ngati wakhazikika. Madzi anali oyera, timathovu tating'ono tikukwera m'mbali.

"Ukuyenda bwino," anatero. "Tsono mumve, bambo a Haiyan. Wa pakhondeyo muzitembenuza Loweruka lililonse. Koma uwu musaukhudze, musausuzumire, mukamadutsa manja azikhala m'thumba. Ndikabwera ndidzatsegula ndekha."

Chichokereni mu Seputembala anali asananenepo mawu akuti ndikabwera. Ndinati chabwino. Haiyan anaitana pansi kuti tifulumire, ndipo Guifen anandigwira mkono, tinayamba kutsika pang'onopang'ono, iye akundidzudzula kuti chikwama ndachinyamula chozondoka.